Moto ukazima, makamera amapita kuti?

Nachisale: Abale ndili ndi funso kwa inu olemba nkhani za chilengedwe muno. Usiku wathawu tulo tinandithawa nde ndimangowerenga za Lahaina, tauni ija ya pa chilumba cha Maui ku Hawaii yomwe inapsa pa 8 Ogasiti 2023. Anthu 102 anafa, nyumba zoposa 2,000 zinasanduka phulusa. Sabata imeneyo kanema aliyense anali pompo, kujambula magalimoto opserera pamsewu wa mmbali mwa nyanja, kujambula chimtengo chija cha banyan chomwe anadzala mu 1873, mpaka ena tinayamba kudandaula za mtengo kuposa anthu. Koma pano ndani akudziwa kuti anthu aja akugona kuti? Malo awo akadali awo kapena anagulitsa? Ine ndafufuza ndithu ndipo amene akulembabe ndi ochepa, ambiri ndi a konko monga Honolulu Civil Beat. Enawo anapita kuti?

Chiko: Anapita komwe kwatsala tchire kkkkk. Mtolankhani ndi moto khalidwe lawo ndi limodzi achemwali

Mdala Gomani: Chiko ukuseka koma wanena zoona. Ine ntchitoyi ndakalamba nayo ndipo ndikuuzeni chifukwa chake, moto umajambulika. Malawi, utsi, mayi akulira atanyamula mwana, mkonzi sakufunsa kawiri. Koma kajambule munthu ali pa foni maola atatu ndi a inshuwalansi, chithunzi chake chikhala chotani? Pomwe nkhani yeniyeni ili pamenepo. Tengani Paradise ku California, inapsa pa 8 Novembala 2018, anthu 85 anafa, tauni ya anthu pafupifupi 26,000 inatha tsiku limodzi. Amene anachoka moto utazima anangolemba kuti kunali mphepo ndi chilala. Amene anatsala ndi omwe anatsatira mpaka zinadziwika kuti chinayambitsa ndi kachitsulo kokolekera nthambo za magetsi ka kampani ya magetsi ya PG&E komwe kanali katakhala pamenepo zaka pafupifupi 100 mpaka kudyeka. Mu 2020 kampaniyo inavomera mukhoti milandu 84 yakupha anthu mosafuna, chindapusa chake madola 3.5 miliyoni. Werenganinso nambala imeneyo.

Tadala: Madala pepani ine ndikadali pa sukulu, ndifunse mwaumbuli. Moto ukazima kwenikweni chotsala cholemba ndi chani kupatula kuti anthu akumanganso?

Mai a Pempho: Tadala mwanangu chotsala ndi chochuluka kuposa motowo. Choyamba madzi, ku Paradise komanso ku Santa Rosa, tauni ina ya ku California yomwe inapsanso, atayeza madzi a m'mipopi anapezamo benzene, poizoni woyambitsa khansa, ndiye munthu nyumba yako yapulumuka koma madzi sungamwe kwa miyezi. Kenako mvula, phiri likapsa nthaka simwanso madzi nde mvula yoyamba imatsika ndi matope ndi miyala, ku Montecito ku California komweko mu Januwale 2018 anthu 23 anafa ndi matope patangopita masabata ochepa moto wa Thomas utadutsa m'mapiri a kumtunda kwawo, ena mwa iwo anali atangobwerera kunyumba akuthokoza kuti apulumuka. Nanga lendi? nyumba zikapsa zotsalazo zimakwera mtengo ndipo amene amachita lendi palibe amamuwerengera chifukwa pepala la nyumba silake. Nanga inshuwalansi, mu Meyi 2023 kampani ya State Farm inasiya kulandira makasitomala atsopano a nyumba mu California yonse. Zonsezi ndi nkhani ndipo palibe imodzi yomwe ili ndi malawi

Tadala: Eeeh ya madziyo sindimadziwa ndithu

Nachisale: Ndipo ku Lahaina kuli china chomwe chinandigwira mtima. Ambiri anangolemba kuti "tauni ya alendo okaona malo yapsa" ngati kuti inayamba ndi mahotela. Koma Lahaina inali likulu la ufumu wa Hawaii mpaka 1845, kunali madambo, mitsinje, maiwe a nsomba, mfumu Kamehameha III imakhala pa kachilumba ka Mokuʻula pakati pa dziwe. Atabwera a minda ya nzimbe anapatutsa madzi a mitsinje kupita nawo kuminda kwawo, dziwe lija linauma nkulikwirira mpaka pamwamba pake anapangapo bwalo la masewero. Kampani ya shuga ya Pioneer Mill itatseka mu 1999 minda ija inangosiyidwa, munamera udzu wachilendo womwe anabwera nawo kudzadyetsa ng'ombe, udzu woti ukauma ndi palafini weniweni. Nde nthambo za magetsi zitagwa ndi mphepo moto unapeza chakudya chokonzeka kale. Ukalemba kuti "kusintha kwa nyengo" basi nkusiyira pomwepo wanama ngakhale sunaname. Ndipo phulusa lisanazizire anthu amalandira kale mafoni ofuna kugula malo awo mpaka bwanamkubwa Josh Green anachita kulankhulapo.

Chiko: Nde anthu amenewa ndi Amwenye ofiira aja timaonera m'mafilimu?

Mai a Pempho: Ayi Chiko iwe. Choyamba a ku Hawaii ndi mtundu wina, anachokera m'zilumba za Polynesia, ufumu wawo unagwetsedwa mu 1893. Chachiwiri mawu akuti Amwenye ofiira tiyeni tiwasiye, anabwera chifukwa Columbus anasochera nkumaganiza kuti wafika ku India

Chiko: Nde tiziti chani mChichewa? poti Indigenous lilime limakana

Mdala Gomani: Ine ndimati eni nthaka. Koma chabwino koposa ndi kutchula dzina la mtunduwo, Karuk, Yurok, Navajo omwe eni ake amadzitcha Diné, Sami. Ku United States kokha mitundu yomwe boma limaivomereza ikuposa 570, iliyonse ndi boma lake, ina makhoti ake ndi apolisi ake. Ukangoti "eni nthaka akukana" owerenga amaganiza kuti ndi gulu limodzi lokhala pansi pa mtengo umodzi, pomwe nthawi zambiri ena akufuna ena akukana. Ngakhale bungwe lawo la atolankhani linasintha dzina mu 2023 nkukhala Indigenous Journalists Association, ndipo zomwe amalimbikitsa nzomwezi, tchulani mtundu.

Poti mwanditsegula pakamwa ndimalize. Nkhani yomwe imandiwawa ine ndi ya kumpoto kwa California mmbali mwa mtsinje wa Klamath. A Karuk ndi a Yurok kwa zaka masauzande amatentha tchire dala, moto wozizira, nthawi yoyenera, pang'onopang'ono. Amatero kuti zitsamba za hazel ziphuke nthambi zowongoka zolukira madengu ndi zonyamuliramo ana, kuti tizilombo todya mbewu za mitengo ya tanoak tife, kuti nkhalango isadzadze zinyalala. Mu 1850 boma la California linakhazikitsa lamulo lomwe dzina lake limati ndi loteteza eni nthaka, koma mkati mwake limalanga wotentha tchire komanso limalola azungu kutenga ana awo ngati antchito. Kenako mu 1910 kunabuka chimoto ku Idaho ndi Montana chomwe chinatentha maekala 3 miliyoni mmasiku awiri, anthu oposa 80 anafa, basi a Forest Service, nthambi ya boma yoona za nkhalango, anati moto uliwonse ndi mdani. Mu 1935 anaika lamulo loti moto ukaoneka lero uzimitsidwe isanakwane 10 koloko mmawa wa mawa lake. Mu 1944 anabweretsa chimbalangondo chojambula chotchedwa Smokey kuti chiziphunzitsa ana kupewa moto wa mtchire. Zaka 100 nkhuni zikungounjikana. Mu Seputembala 2020 moto wa Slater unalowa ku Happy Camp komwe kuli likulu la a Karuk nkutentha nyumba pafupifupi 200. Anthu omwe analetsedwa kuyatsa ndi omwe anapsa. Paja amati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, koma uku akuluakuluwo anachita kuwaopseza ndi ndende.

Injiniya K: Bambo Gomani ndakumvani ndipo mbiriyo sindikutsutsa, koma ndiloleni ndiponyepo mwala. Nkhani yoti tingoyatsa moto wabwino zonse zitheka atolankhani mwaikometsera mopyola. Mu 2022 ku New Mexico moto waukulu kwambiri mmbiri ya chigawocho, Hermits Peak ndi Calf Canyon, maekala oposa 340,000, unayatsidwa ndi a Forest Service eni ake. Unali moto uwiri womwe unaphatikizana, wina unali wotentha dala nkuwathawa ndi mphepo, winawo unali mulu wa zinyalala omwe anatentha mu Januwale nkumanyekera pansi pa chipale mpaka Epulo. Nyumba mazanamazana zinapita, madzi a tauni ya Las Vegas ya konko anadzadza phulusa. Nde mukamalemba muzinenanso kuti nkhalango ya lero si ya 1850, kwauma, kwatentha, ndipo anthu amanga nyumba mkati mwenimweni mwa mitengo

Mdala Gomani: Ayi apo mwalasa achimwene, sindikana. Kungoti amene anayatsa ku New Mexico si eni nthaka, ndi boma lomwelo lomwe limati eni nthaka sadziwa moto. Ndipo chitsanzo chanucho chikuthandiza funso la a Nachisale. Nyumba ya malamulo inapereka madola pafupifupi 4 biliyoni achipukuta misozi, atolankhani akuluakulu analemba kuti ndalama zatuluka nkunyamuka. Amene anatsala, ka nyuzipepala ka pa intaneti ka Source New Mexico mothandizana ndi ProPublica, ndi omwe anaonetsa kuti patapita chaka ndi miyezi anthu ambiri anali asanalandire kanthu ku FEMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo okalamba ena anamwalira akudikira.

Nachisale: Ndipo kutentha kwa eni nthaka si kungoponya machesi. California yomweyo mu 2021 inasintha lamulo kuti wotentha mwadongosolo asamalipitsidwe ndalama zozimitsira moto pokhapokha atachita mosasamala kwenikweni, poti chomwe chimaopsa anthu chinali ngongoleyo. Ku Australia ku West Arnhem Land kuyambira 2006 eni nthaka amatentha kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, moto wolusa wa kumapeto unachepa ndipo amalandira ndalama chifukwa chochepetsa utsi

Tadala: Ine mu asayimenti yanga ndalemba kuti eni nthaka ndi 5 peresenti ya anthu onse koma amasamala 80 peresenti ya zamoyo za padziko, zikugwirizana ndi zomwe mukunenazi eti

Mai a Pempho: Fufuta msanga aphunzitsi asanaone kkkk. Nambala imeneyo yayenda zaka zambiri mmalipoti, mmisonkhano ya UN, mnyuzipepala zikuluzikulu, koma mu 2024 gulu la akatswiri kuphatikizapo eni nthaka ena linalemba mu magazini ya Nature kuti anaitsata komwe inachokera ndipo sanapeze kafukufuku aliyense pansi pake. Wina anatchula wina amene anatchula wina. Sikuti eni nthaka sasamala chilengedwe ayi, umboni weniweni ulipo wambiri, koma ukaika nambala yabodza pa nkhani yoona tsiku lomwe yagwidwa nkhani yonse imagwera limodzi. Ineyo zinandionekera, ndinakopera nambala mu lipoti la bungwe lina lolemekezeka osaifufuza, owerenga mmodzi anandivula pagulu mpaka lero ndikakumbukira thukuta limatuluka

Tadala: Mayo ine ndinaiika mu ndime yoyamba penipeni 😭

Chiko: Takulandira ku ntchito mphwanga

Injiniya K: Nde poti tayamba kuvulana tiyeni tifike pa gawo langa. Chomwe chimanditopetsa ndi ichi, mtolankhani yemweyo Lolemba akulemba kuti dziko likupsa chifukwa cha malasha ndi mafuta tisinthe msanga, Lachinayi akulemba kuti mgodi wa lithium wopangira mabatire ndi woipa, nthambo za magetsi nzoipa, makina a mphepo ngoipa. Nanga batire lichokera kumwamba? Walira mvula walira matope abale. Galimoto ya magetsi imafuna lithium, nthambo zimafuna kopa, sola wa mchipululu safika mtauni popanda mapolo. Thacker Pass ku Nevada ndi amodzi mwa malo omwe kuli lithium wambiri ku America konse, ukakana pamenepo ndiye kuti akakumba kwina komwe kulibe ndi mtolankhani yemwe. Ndipo moto wa ku Canada wa 2023 womwe unatentha mahekitala pafupifupi 15 miliyoni, utsi mpaka kufiiritsa thambo la New York, anthu 20,000 kuthawa mu mzinda wa Yellowknife, amene anasamutsidwa kwambiri chaka chimenecho ndi midzi ya eni nthaka omwewo. Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake ndipo akulipira ndi iwowo

Nachisale: Achimwene matope tavomera, funso ndi loti matopewo akugwera pakhomo pa ndani nthawi zonse. Thacker Pass mwaitchulayo a Paiute ndi a Shoshone amaitcha Peehee Mu'huh, ndipo amati kufupi ndi pamenepo asilikali anapha makolo awo mu Seputembala 1865. Chilolezo chinatuluka mu Januwale 2021, kuunika konse kunachitika mothamanga nthawi ya Covid pomwe maofesi a mitundu yambiri anali otseka anthu akuika maliro. Boma linatumiza makalata, silinayankhidwe, nkulemba kuti tawafunsa. Kumeneko nkufunsa?

Injiniya K: Koma khoti linaloleza, ndipo a Paiute ndi a Shoshone a ku Fort McDermitt omwe ali pafupi kwambiri ndi mgodiwo anasaina mgwirizano ndi kampani ya Lithium Americas mu 2022, ntchito ndi zina. Amene anakasuma ena ali kutali ngati eni nthaka a ku Reno-Sparks. Bwanji zimenezo simulemba?

Nachisale: Zilembedwe ndithu, nzomwe a Gomani anena kuti si gulu limodzi. Khonsolo inasaina, anthu ena a mtundu womwewo anakamanga misasa pamalopo kukana. Zonse ziwiri ndi zoona. Chomwe ndikukana ndi choti nkhani ithere pa "khoti linaloleza" ngati kuti lamulolo linagwa kumwamba

Mdala Gomani: Apa mpomwe mtolankhani amayenera kuwerenga malamulo osati kungogwira maiki. Pali mawu awiri omwe amasokoneza anthu. Malamulo a ku America, monga gawo 106 la lamulo la 1966 loteteza malo a mbiri, amati boma liwafunse maganizo eni nthaka. Chikalata cha UN cha 2007 chimati avomereze, mwaufulu, ntchito isanayambe, atauzidwa zonse. Kufunsa maganizo ndi kupempha chilolezo nzosiyana ngati kugogoda ndi kudikira kuti akuuze lowani. Pamwamba pa apo migodi ya pa malo a boma ikuyendabe ndi lamulo la 1872, la nthawi ya pikisi ndi bulu, lomwe silifuna nkomwe kuti kampani ilipire boma gawo la miyala yomwe yakumba. Ku Oak Flat ku Arizona, malo opatulika a Apache komwe atsikana amachitira mwambo wa chinamwali chawo, anaperekedwa ku Resolution Copper ya Rio Tinto ndi BHP kudzera mkandime komwe anakalowetsa mu bilu ya ndalama za asilikali mu 2014. Njira yokumbira yomwe akufuna idzagwetsa nthaka nkusiya chidzenje cha makilomita pafupifupi 3 mulifupi. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu linakana kumva apilo yawo. Kopa ameneyo adzatchedwa wa magetsi aukhondo.

Chiko: Koma zimenezi ndi za ku America, anthu aja ndi nkhanza kale. Maiko ofatsa ngati a ku Scandinavia sangapange zoterozo

Mai a Pempho: Kkkkk Chiko wadziponya wekha. Norway yomweyo ya mphoto ya mtendere. Ku Fosen anamanga makina a mphepo 151 pamalo pomwe a Sami, eni nthaka a konko, amadyetsera ziweto zawo zonga agwape zotchedwa reindeer nthawi yozizira, nyamazo zimaopa makinawo sizifikako. Mu Okutobala 2021 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti zilolezozo nzosavomerezeka chifukwa zikuphwanya ufulu wa a Sami wotsata chikhalidwe chawo. Mukudziwa chinachitika? palibe, makina anapitiliza kuzungulira. Patatha masiku 500 mu Febuluwale 2023 achinyamata a Sami anakakhala pansi kutseka makomo a maunduna ku Oslo, Greta Thunberg, mtsikana wa ku Sweden womenyera za nyengo, naye anali pomwepo apolisi anachita kumunyamula, ndipo ndi pomwe makamera a dziko lonse anatulukira. Onani bwino pamenepo, chigamulo cha khoti lalikulu sichinakoke makamera, anakoka ndi mtsikana wotchuka. Pamapeto pake anagwirizana za chipukuta misozi ndi malo ena odyetsera, makina akadali chiimire

Chiko: Ndabweza mawu anga mayi

Injiniya K: Chabwino koma nanenso ndipatseni mpata, si paliponse pomwe magetsi atsopano ndi mdani wa eni nthaka. A Moapa Paiute ku Nevada anakhala zaka zambiri akupuma phulusa la siteshoni ya malasha ya Reid Gardner yomwe inali pafupi ndi nyumba zawo, anamenya nkhondo mpaka inatsekedwa mu 2017, chaka chomwecho pa malo awo panatsegulidwa sola wa 250 MW yemwe magetsi ake amagulidwa ndi mzinda wa Los Angeles. Anasankha okha, lendi ikulowa kwa iwo. Nkhani ngati imeneyi siyenda chifukwa mulibe wolira

Nachisale: Nde mwafika pomwe ndimafuna achimwene, mwati anasankha okha. Kusiyana kwa Moapa ndi Fosen si mtundu wa makina

Mdala Gomani: Ndipo kuti mumvetse chifukwa chomwe ena amakayikira ngakhale sola, kawerengeni za a Navajo. Siteshoni ya malasha ya Navajo Generating Station pafupi ndi tauni ya Page ku Arizona inali imodzi mwa zikuluzikulu kumadzulo konse kwa America, magetsi ake ndi omwe amapopa madzi a mtsinje wa Colorado kukwera nawo mpaka Phoenix ndi Tucson. Malasha amachokera pa nthaka yawo ku Black Mesa, ndipo kwa zaka zambiri mpaka 2005 kampani ya Peabody imapopa madzi akumwa a pansi pa nthaka nkumakankhira malasha mpaipi kupita ku siteshoni ina ku Nevada. Nthambo zikuluzikulu zimadutsa pamwamba pa nyumba zoyatsa nyali, mpaka pano mabanja masauzande ambiri a Navajo alibe magetsi. Usanafike pa malasha pali uranium, migodi yosiyidwa yoposa 500, ndi damu la zinyalala zake lomwe linaphulika ku Church Rock mu Julayi 1979, chaka chomwecho cha ngozi yotchuka ya siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island, koma funsani anthu kuti amva za iti. Nde siteshoni ya ku Page ija itatsekedwa mu Novembala 2019 ife a zachilengedwe tinaimba nthungululu, pomwe kwa a Navajo ndi a Hopi oyandikana nawo kunapita ntchito mazanamazana ndipo a Hopi anataya gawo lalikulu la bajeti yawo. Munthu amene wadutsa zonsezi ukamupezanso ndi mapepala kuti ulendo uno ndi zaukhondo, ukuganiza akulandira bwanji?

Injiniya K: Apo ndilibe mawu. Ndingowonjezera kuti mu 2024 a FERC, omwe amapereka zilolezo za magetsi a madzi, anakana mapolojekiti angapo osungira magetsi ndi madzi pa malo a Navajo chifukwa mtunduwo unakana. Ine monga injiniya zinandiwawa poti malowo ndi abwino kwabasi pa ntchito imeneyo, koma makampaniwo anathamangira ku Washington asanakhale pansi ndi eni malo, anadzipweteka okha

Tadala: Funso lina, magetsi a madamu si aukhondo? Nanga bwanji ndinaona anthu akuvina kuti madamu agumulidwa ku Klamath konkuja

Mai a Pempho: Utsi satulutsa koma nsomba amapha. Madamu anayi, Iron Gate, Copco 1, Copco 2 ndi J.C. Boyle, anatseka njira ya nsomba za salmon zomwe zimabadwira kumtunda, kupita kunyanja, nkubwereranso kukaswa komwe zinabadwira. Kwa a Yurok ndi a Karuk nsomba imeneyi ndi chakudya komanso chipembedzo. Mu 2002 nsomba zoposa 30,000 zinafa mumtsinjemo madzi atachepa nkutentha, mitembo yake mbwee mmphepete. Kuchokera pamenepo anthu aja sanagone, anapita mpaka ku Scotland mu 2004 kukaima pa msonkhano wa eni masheya a kampani yomwe inali ndi madamuwo nthawi imeneyo, madamuwo atagulidwa ndi kampani ya mpondamatiki Warren Buffett anayamba kupita ku Omaha komwe kuli likulu lake. Zaka zoposa 20. Magetsi a madamuwo anali ochepa ndipo kampani ya PacifiCorp yomwe imawayendetsa itawerengera inapeza kuti kuwakonza kuti nsomba zizidutsa nkodula kuposa kugumula. Ntchito inatha mu Okutobala 2024 ndipo mwezi womwewo salmon zinaoneka ku Oregon kumtunda koyamba patatha zaka zoposa 100. Koma taonani mmene nkhanizi zimalumikizirana, mu 2022 moto wa McKinney utatentha mapiri mvula inakokolola phulusa ndi matope kulowa mu Klamath momwemo nsomba nkufa zambirimbiri. Nde wolemba za moto, wolemba za damu ndi wolemba za eni nthaka akulemba za mtsinje umodzi, kungoti mu nyuziruumu amakhala madesiki atatu osalankhulana

Chiko: Zonsezi nzokoma koma tiyeni tinene chilungamo, alipira ndani? Inu mukuti mtolankhani akhale zaka ziwiri akutsata inshuwalansi ya munthu mmodzi, mkonzi akufuna nkhani zitatu pofika 4 koloko, transipoti palibe. Ine ndinapemphapo sabata imodzi yokha kuti ndibwerere komwe kunachitika ngozi ina patatha chaka, bwana anandifunsa kuti kwafanso munthu? nditati ayi anati nde ukatani

Mdala Gomani: Bwana wakoyo ali ndi abale ake dziko lonse. Ku America kuyambira 2005 nyuzipepala zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zatsekedwa, zambiri ndi za mmatauni ang'onoang'ono, zomwe zikanatsala moto utazima. Nchifukwa chake ntchito zolemera zambiri pano zikuchokera ku mabungwe osapanga phindu omwe amadalira owerenga ndi othandiza, High Country News, Grist, ProPublica, ICT. Mu 2020 a High Country News anatulutsa kafukufuku yemwe mtolankhani Tristan Ahtone wa mtundu wa Kiowa ndi katswiri wa mbiri Robert Lee anatsata malo omwe boma linapatsa mayunivesite pansi pa lamulo la Morrill la 1862. Anapeza maekala pafupifupi 11 miliyoni olandidwa ku mitundu pafupifupi 250 nkupindulira mayunivesite 52, kapepala ndi kapepala, puloti ndi puloti. Munalibe moto mmenemo, munali ma rejisitala a malo okhaokha, koma mayunivesite ena anachita kukhazikitsa makomiti chifukwa cha nkhaniyo.

Chiko: Koma othandizawonso ali ndi zofuna zawo madala. Bungwe lomwe limakonda sola likakupatsa ndalama ulemba zoipa za sola?

Mdala Gomani: Funso labwino ndipo sindikunamiza kuti lili ndi yankho loyera. Ochita bwino amalemba poyera amene wawapatsa ndalama. Ena salemba.

Injiniya K: Kkkk lero ndagwirizana ndi Chiko, zachilendo

Nachisale: Tadala ngati ukufunabe mutu wa asayimenti mmalo mwa 80 peresenti ija tenga Lytton ku British Columbia. Pa 29 Juni 2021 kunatentha 49.6 digiri, kutentha koposa konse mmbiri ya Canada, mawa lake mudzi unapsa pafupifupi wonse, anthu awiri anafa. Dziko lonse linalemba za 49.6 imeneyo. Patatha zaka ziwiri mkati mwa mudzimo munalibe nyumba yomwe inali itamangidwanso, ndipo chimodzi mwa zochedwetsa chinali choti pansi pa phulusapo pali mudzi wakale wa a Nlaka'pamux wa zaka masauzande, nde lamulo limafuna akatswiri ofukula zakale aunike puloti usanakumbe maziko, eni mapuloti ena nkumadandaula za mabilu ake. Ena anayamba kuloza chala eni nthaka kuti ndi amene akuchedwetsa, pomwe a Lytton First Nation, omwe ndi a Nlaka'pamux a konko, nawonso nyumba zawo zinapsa tsiku lomwelo. Mmenemo muli zonse, moto, malo, ndalama, mafupa a makolo, ndi anthu oyandikana omwe akuyenera kupitiliza kupatsana moni

Tadala: Ndatenga imeneyo anti. Koma ndiyambire pati poti ine ku Canada sindingafike

Mai a Pempho: Yambira pa mamineti a khonsolo ya mudziwo ndi zomwe a Lytton First Nation alemba okha, kenako nyuzi za konko monga CBC ndi APTN yomwe ndi kanema wa eni nthaka. Ukatero lembera anthu, udzitchule kuti ndiwe ndani ndipo nkhaniyo ipita kuti, ndipo akakana usakakamize, anthu aja afunsidwa kambirimbiri kuti munamva bwanji nyumba ikupsa. Iwe ukafunse za pepala lomwe akudikira

Tadala: Dzina lija Nlaka'pamux limatchulidwa bwanji kodi, ndikuopa kukachita manyazi pa foni

Mdala Gomani: Ukawafunse eni ake, likhale funso lako loyamba.

Chiko: Ndipo ukadziwa udzatiuze ifenso, ine ndayesa katatu lilime lakana